Chuku Chilinso ndi Mfunda Wake

Lolemba, 4 Febuluwale 1957

"Ndadzuka tambala asanalire, tulo tatha. Si matenda ayi, ndi mantha. Lero ndikuyamba ntchito." Ndi mmene ndinalembera m'mawa umenewo m'kabuku kamene masisitere anatizoloweza kulembamo tsiku ndi tsiku tili kusukulu. Kabukuko ndikali nako, ngakhale chiswe chinadyako ngodya imodzi, ndipo ndi kamene kakundikumbutsa masiku ndi mawu pamene ndikulemba izi. Ana anga, mwandifunsa kambirimbiri kuti mkazi wa kwa Mposa anayamba bwanji ntchito yoyeza matenda a mitengo, ntchito imene ndinaigwira mpaka kupuma. Inayamba ndi miyezi iwiri ndi theka imene sindinadyepo chakudya n'kuchimva kukoma.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Ndinali nditatha Fomu 2, koma amayi atamwalira chaka cha m'mbuyo mwake panalibenso wondipititsa patsogolo, choncho ndinabwerera kumudzi kukakhala kwa amalume anga, a Petulo. Mudzi wathu unali pamalo a esiteti ya fodya m'munsi mwa mapiri a Chikala. Makolo athu anakhalapo azungu asanabwere, koma pepala linkati malowo ndi a esiteti: minda, dambo, ngakhale manda athu amene. Mwini esitetiyo ankakhala kutauni, ankangobwera mwa apo ndi apo. Woyang'anira mitengo anali mzungu wachinyamata amene anaphunzira za matenda a mbewu kwawo. Dzina lake lenileni ndilisiya. Tonse tinkamutcha Bwana Msanga, chifukwa m'Chinyanja chonse mawu amene anawagwira bwino anali amenewo.

Zaka ziwiri m'mbuyomo iye anabzalitsa bulugamu mbali yonse ya kumtsinje kuti esiteti izipeza nkhuni zoumitsira fodya. Mitengoyo inakula mokongola, kenako inayamba kudwala. Khungwa linkatupa cha m'tsinde, n'kung'ambika, n'kumatuluka utomoni wofiira ngati magazi. Mphepo ikangowomba, mtengo unkathyokera pachilondapo. Anthu ankati mitengo ikulira magazi chifukwa anaibzala pafupi ndi manda. Bwana ankati ndi chuku, chonga chimene chimamera pachimanga chonyowa, ndipo ankafuna munthu wodziwa Chingerezi woti azimutsukira magalasi ndi kumulembera manambala. Munthuyo ndinali ine.

Loweruka, 16 Febuluwale

Chipinda chathu chinali mosungira makasu kale. Munali tebulo limodzi, makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso, mphika wachitsulo wotseka ndi zomangira, ndi timbale tagalasi tovindikira makumi awiri ndi tinayi. Ntchito yanga inali kuphikira chuku chakudya. Ndinkawiritsa mbatata ya kachewere, kusefa madzi ake, kuthiramo shuga pang'ono ndi ufa wina woyera wochokera kunja, umene unkaundanitsa madziwo ngati msuzi wa mapazi a ng'ombe ukazizira. Ufawo unali m'kachitini kamodzi kokha, kosadzaza, ndipo bwana anandichenjeza kuti ukatha, wina ungatenge miyezi isanu ndi umodzi panyanja. Sipiriti wa m'nyali yootchera mipeni yathu anatha sabata yanga yoyamba yomwe. Bwana atamva kuti kachasu wa mutu amayaka, anatuma Che Amadu kuti akagule.

Che Amadu anali kapitawo wa kunazale, kumene tinkasungira mbande. Anali Myao wa ku Nsanama, Msilamu, wazaka ngati makumi asanu, wa kofia yoyera imene sindinaionepo itada ngakhale ankagwira matope tsiku lonse. Anaima pakhomo n'kundiitana.

"Mwali, kamuuze bwana wakoyo. Manyowa ndamunyamulira, njoka yakufa ndamunyamulira, koma botolo la haramu, ngwamba, ayi ndithu. Ndikadutsa nalo pamzikiti adzati Amadu wakalamba n'kuyamba maphunziro a kwa Nachisale."

Nachisale ndiye ankatcheza kachasu kuseri kwa dambo. Mapeto ake ndinapita ndine, korona ali m'khosi, botolo lili m'manja. Amayi a pachitsime anasiya kutunga n'kuwomba m'manja. "Onani! Sukulu ya masisitere yabala zipatso!"

Tsiku limeneli ndi limene bwana anandionetsa chinthu chimene chinasintha moyo wanga, ngakhale iye ankangosewera. Tikadula kachidutswa ka khungwa m'mphepete mwa chilonda n'kukaika pachakudya chija, pakatha sabata pankamera ubweya woyera, umene pambuyo pake unkasanduka wachikasu ngati dzungu lakupsa. Iye anali atatenga chuku cha mitengo iwiri yosiyana n'kuchiika m'kambale kamodzi, china uku, china uko. Tsopano zinali zitakula n'kukumana pakati, ndipo zinalowana bwinobwino, osaonekanso malire. Anandifotokozera m'Chingerezi kuti chuku chikhoza kufalikira popanda bambo: kachidutswa kakaduka kamakula pakokha, ndipo zonse zochokera kwa mayi mmodzi zikakumana zimadziwana n'kukhala thupi limodzi. Koma zikakhala za amayi osiyana, pamene zakumanapo zimaphana, ndipo pamatsala mzere wakuda.

"Ndiye kuti chili ndi mfunda?" ndinafunsa.

Sanawadziwe mawuwo. Ndinamufotokozera kuti ife tili ndi a Banda, a Phiri, a Mbewe, ndipo mwana amatsata mfunda wa amayi ake. Anaseka mpaka kupukuta magalasi ake a m'maso. "Iwe uzilemba manambala, Rozina."

M'buku lake ndinkalembadi manambala. Koma m'kabuku kanga ndinkalemba mifunda. Chuku cha bulugamu yense amene tinamuyeza chinkalowana, choncho ndinachipatsa mfunda umodzi. Ndinachitcha Phiri, pakuti ife a Banda choipa chilichonse timachikankhira kwa a Phiri, asuweni athu a nthabwala.

Lachinayi, 21 Febuluwale

Pansi pa tsikuli ndinangolemba mizere iwiri, koma zonse ndimazikumbuka ngati zadzulo. Bwana poyendera munda wake anafika m'malire a manda n'kuona kuti mitengo ikuluikulu ya katope ya m'menemo ilinso ndi zilonda m'makungwa. Anabwera akuthamanga, nkhope ili psuu, akuti wapeza kumene matenda akuchokera. Anauza Che Amadu kuti atenge mpeni. Che Amadu anayang'ana pansi n'kunena kuti manda ali ndi eni ake, ndipo iye ndi mlendo m'mudzi muno. Pamenepo bwana anatembenukira kwa ine.

Inu munakulira m'tauni, mwina simudziwa. Kumanda salowako munthu mwachisawawa. Amatsogolera ndi adzukulu, amene amakumba manda ndi kusamalira msitu wake, ndipo m'menemo sathyolamo ngakhale kamtengo kotsukira mano. Ndinayesa kumuuza zimenezi. Iye anati, "Kodi si iwe Mkhristu wophunzira?" Ndinkaopa kuti ndikakana ndioneka mbuli, ndipo ntchito ithera pomwepo.

Tinalowa dzuwa lili pamutu, koma m'katimo munali mozizira ngati m'mawa wa mu Juni. Iye ankaloza, ine ndinkadula, n'kukulunga kachidutswa kalikonse m'pepala lake. Mtengo wachitatu unali womwe tinakhala pansi pake tsiku loika amayi. Mtumbira wawo unali pomwepo, utayamba kutitimira, kapu yawo yamalata ili chozondoka pamwamba. Ndinadula khungwa ndili chotseka maso, mpeni n'kuterereka n'kundicheka chala. Tinadula mitengo isanu ndi umodzi.

Potuluka tinapeza a Sikelo atakhala pachulu, khasu lili pamiyendo. A Sikelo ndiwo anali mkulu wa adzukulu a mbumba yathu, munthu wamfupi wopanda mano akutsogolo, amene mwambo unkamulola kunyoza aliyense, ngakhale pamaliro.

"Odi kumeneko!" anafuula. "Mwawapeza bwanji akuluakulu? Akudya bwino? Nabanda, ukanandiuza kuti wafulumira kusamukira kuno ndikanakukumbira kanyumba pafupi ndi mayi ako. Kapena mwamuna wakoyu ndiye akufuna malo? Wamtali chonchi, khasu langa litha!"

Bwana anafunsa kuti mkuluyo akuti chiyani. Ndinati akutipatsa moni. A Sikelo sankaseka pamene ankanena zimenezo.

Lamulungu, 3 Malichi

Chala chija chinatupa mpaka dzanja lonse. Ndinkadziuza kuti ndi dothi linalowa pabala, monga anatiphunzitsira kusukulu, koma ndinkati ndikachiyang'ana ndinkaona kapu ya amayi. Pachitsime amayi analeka kundiseka. Ndikafika ankangosendeza mitsuko yawo kuti isagundane ndi wanga. Kusekedwa kunali bwino.

Choipa koposa chinachitika m'timbale. Zidutswa za katope zinamera chuku chachikasu chofanana ndendende ndi cha bulugamu. Bwana anachiyang'ana m'makina aja n'kuwomba tebulo ndi chisangalalo. Tsiku lomwelo analembera mwini esiteti kuti matenda akuchokera kumanda a anthu, ndipo yankho linabwera msanga: katope yense wa kumanda agwetsedwe ndi kutenthedwa Lolemba pa 1 Epulo, ntchito yothyola fodya ikachepa. Amuna a m'mudzi mwathu omwe ndiwo anayenera kugwira nkhwangwazo, ndipo wokana achoke pamalo a esiteti.

Titaweruka kutchalitchi amalume anandiitanira pansi pa nkhokwe. Sanali munthu waukali. Anandilera ngati mwana wawo, ndipo mpaka tsikulo anali asanandikwezerepo mawu. Ngakhale tsikulo sanakweze.

"Rozina, mlongo wanga anagulitsa mbuzi zake zonse kuti iwe udziwe kulemba. Lero dzanja lomwelo lamuvula denga."

"Amalume, ndinachita kutumidwa."

"Ndikudziwa. Inenso pa 1 Epulo ndidzachita kutumidwa. Ndidzakwera pamtumbira wa mlongo wanga ndi nkhwangwa, mtengo udzagwera pa agogo ako, moto tidzakoleza pamwamba pa ana athu amene anafa ndi chikuku. Ndikakana, nditenge anthu khumi ndi awiri a pakhomo pano ndipite nawo kuti?" Anasenda nzimbe imene sanaidye. "Iwe ndiwe umamva chinenero chake. Palibe mawu amene ungamuuze?"

Ndinati palibe. Ndinali nditachiona ndekha chukucho, ndipo chinali chofanana.

Lachiwiri, 12 Malichi

Mwezi wonse wa Malichi bwana ankakhalira kofukiza fodya, ndipo anandisiyira chipinda chija kuti ndizingosunga chuku chisafe. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Mwina kunali kusowa chochita ndi mantha anga. Pa 1 Malichi ndinali nditatenga chuku cha katope aliyense n'kuchikumanitsa ndi Phiri wa m'bulugamu, monga mmene iye anachitira tsiku lija. Timbale totsala ndinakumanitsamo akatope okhaokha. Ndinkayembekeza kuti zilowana, ndipo ndinkafuna kudzionera ndekha kuti mlandu wa manda athu ndi woona, kuti mwina mtima ukhale pansi.

M'mawa umenewu ndinanyamula kambale koyamba n'kukapenyetsa kuwindo. Pakati panali mzere wakuda, wowongoka ngati wojambula ndi makala. Kachiwiri chimodzimodzi. Tonse tisanu ndi kamodzi tinali ndi mzere. Cha kumanda sichinkadziwana ndi Phiri. Ndipo akatope okhaokha aja nawonso sankadziwana: mtengo woyamba unakana wachiwiri, wachiwiri unakana wachinayi. Awiri okha ndiwo analowana. Ndinakhala pansi n'kuyamba kugawa mifunda m'kabuku kanga: Mbewe, Mwale, Milanzi, Nkhoma. Wa pamanda a amayi ndinaupatsa Banda. Koma tanthauzo lake sindinalione. Ndinkangoona kuti ndawononga ufa wa bwana popanda chilolezo.

Che Amadu anandipeza ndili choncho pamene ankabwera kudzatenga chingwe. Anandifunsa ngati ndaferedwanso. Ndinawaonetsa timbale tija ndi kuwafotokozera za mifunda, ndikuyembekeza kuti aseka ngati bwana. Iwo anakhala pabokosi n'kutiyang'ana nthawi yaitali.

"Bwereza, mwali. Kumandaku mifunda ingati?"

"Isanu, m'mitengo isanu ndi umodzi."

"Nanga m'munda wa bwana, mitengo yonse ija?"

"Umodzi wokha. Phiri yekhayekha."

"Ndipo Phiri kumanda kulibe?"

"Sindinamupezeko."

Anaseka pang'ono, chapansipansi. "Iwe wapita kusukulu koma sunayende. Ine ndayenda ndi malonda a nsomba kuchokera ku Chilwa mpaka ku Utale. Ukalowa m'mudzi n'kupeza a Mbewe, a Mwale, a Milanzi, osakanikirana, udziwe kuti mudziwo ndi wakale, anthu akwatirana zaka ndi zaka. Koma ukapeza nyumba makumi atatu zonse mfunda umodzi, ameneyo ndi mayi mmodzi amene wangofika dzana ndi ana ake. Phiri wakoyu ndi mlendo. Funso n'lakuti anatsika sitima iti."

Atatero anasuzumira panja, n'kundikodola. Kuseri kwa nazale, m'maudzu, munali mabokosi atatu owola. M'menemo munali timitengo ta bulugamu totsala, topinimbira, timizu titaboola matabwa. M'tsinde mwa tina munali tizilonda totuluka utomoni wofiira.

"Mbande izi anaitanitsa yekha kuchokera kutali kumwera," anatero. "Ndinakazitenga ndine pasiteshoni ya Balaka ndi ngolo. Tsiku lomwelo ndinamuonetsa mabalawa. Ukudziwa chimene anayankha?"

"Msanga," ndinatero.

"Elo, ndi zomwezo. Izi zinali zoipitsitsa, ndinazibisa kuno. Koma ine sindinakuonetse kanthu, wamva? Ndili ndi akazi awiri ndi ana asanu ndi atatu."

Ufa unali utatsala wongokwana timbale tochepa. Ndinauphika tsiku lomwelo.

Lachisanu, 29 Malichi

Zinatenga sabata kuti chuku cha m'mabokosi chimere, ndi masiku ena khumi kuti chikumane ndi Phiri. Masiku onsewo ndinkamva amuna akunola nkhwangwa pamwala wa kumtsinje. Ndinkapemphera, koma sindinkadziwa chopempha. Mzere ukaoneka, manda agwa. Ukapanda kuoneka, ndiye kuti ine, mtsikana wotsuka magalasi, ndiyenera kuuza mzungu kuti matenda anabwera nawo ndi iye mwini, pamene wauza kale abwana ake kuti olakwa ndi akufa athu. Masiku amenewo munthu ankachotsedwa pamalo chifukwa chosavula chipewa. Ndinkaopa kuti sachotsa ine ndekha, koma amalume ndi nyumba yonse.

M'mawa wa Lachisanu timbale tonse tinayi tinali titadzaza. Ndinatipenyetsa kuwindo kamodzikamodzi. Munalibe mzere. Munali dzungu lokhalokha kuchokera mbali iyi kufika mbali iyo, ngati munabzalidwa chinthu chimodzi.

Ndikuuzeni zoona, ana anga: ndinaganiza zotitsuka. Madzi anali pamoto. Palibe akanadziwa, kupatula Che Amadu, amene sakanatsegula pakamwa. Ndinaima ndi kambale m'manja pamwamba pa beseni mpaka nthunzi inandinyowetsa nkhope. Chimene chinandiletsa si kulimba mtima. Ndinangoona kuti Lolemba ndidzayenera kuima penapake mitengo ikamagwa, ndipo sindinapeze malo amene ndikanaima.

Bwana analowa cha m'ma teni, akununkha utsi wa fodya. Ndinali nditandandalika timbale patebulo m'mizere itatu. Ndinayamba m'Chingerezi chabwino chimene ndinachikonzekera, koma manambala onse anandithawa. Zimene zinatuluka ndi mifunda.

"Bwana, awa ndi a kumanda. Uyu ndi Banda, uyu Mbewe, uyu Mwale. Onsewa akukana wa m'munda mwanu. Onani mizere. Wa m'munda mwanu ndi mmodzi yekha, Phiri, ndipo kumanda kulibe m'bale wake."

"Anakuuza ndani kuti ugwiritse ntchito ufa wanga?"

"Palibe, bwana."

Anatsegula kachitini n'kupeza mbee. Khosi lake linafiira mpaka m'makutu. Ndinaganiza kuti andimenya, ndipo ndinagwira m'mphepete mwa tebulo. Koma maso ake anali atagwera pamzere wachitatu wa timbale.

"Nanga timeneti? Mulibe mzere. Ichi n'chochokera kuti?"

"M'mabokosi a mbande, bwana. Amene anabwera pasitima."

"Mabokosi amenewo anatha kalekale."

"Atatu alipo kuseri kwa nazale. Ndinawapeza ndekha pofuna nkhuni."

Limeneli ndi bodza limene ndinakaulula kwa bambo mfumu, koma sindinalimvere chisoni. Bwana anatenga kambale kamodzi n'kupita nako kuwindo. Anakatembenuza, n'kukatembenuzanso. Anatenga kachiwiri. Ndi pamene ndinazindikira kuti nayenso ali ndi bwana amene amamuopa, ndi kwawo kutali kumene angabwezedwe ndi manyazi.

"Ndani wina akudziwa?"

"Ine ndi inu, bwana."

"Mitengo isanu ndi umodzi si manda onse. Mwina Phiri wakoyo ali mumtengo umene sitinadule." Anadzimva yekha akutchula mfundawo, n'kuluma mlomo. "Ndiponso mwina wasokoneza mapepala. Ndiwe mwana."

"Mwina, bwana. Koma mtengo ukagwa sudzukanso. Chuku chilipo chamoyo. Mukhoza kuchikumanitsa nokha."

"Ndi ufa uti?"

Ndinamuonetsa timbale tisanu timene ndinasunga tili ndi chakudya chosakhudzidwa. Kenako anati ndituluke. Sananene ngati ndibwerenso kapena ayi. Nditafika kunyumba, amalume atandifunsa ndinangoti mutu.

Lolemba amuna anasonkhana ndi nkhwangwa zawo m'mphepete mwa manda, a Sikelo atakhala pachulu chawo chija. Anadikira mpaka dzuwa kutentha. Kenako kunabwera Che Amadu ndi uthenga: bwana akuti nthaka ikadali yonyowa, adikire masiku khumi. Kunali kusanagwe mvula sabata yathunthu.

Loweruka, 13 Epulo

Masiku khumi amenewo bwana sanandilole kulowa m'chipinda chija. Anakhoma ndi loko, kiyi n'kumayenda nayo m'thumba, ine n'kunditumiza kukapalira kunazale. Sindinkadziwa ngati akuyezadi kapena wataya zonse m'dzenje. Nthawi iliyonse ndikamva njinga yake yamoto ndinkaganiza kuti yabwera ndi kalata yotithamangitsa. Amalume anali atayamba kale kufunsa mwakachetechete kwa abale a ku Utale ngati kungapezeke malo.

Lachitatu lapitalo bwana anaitanitsa amuna onse ndi nkhwangwa zawo. Anawatsogolera njira ya kumanda, ine ndikutsatira patali. Atafika pamalire anaima, n'kutembenukira kumanzere, kumunda wake. Analoza bulugamu woyamba. "Dulani. Yense. Msanga."

Anadula masiku atatu, ndipo Loweruka limeneli anatentha zitsa, makungwa ndi mabokosi atatu aja. Utsi wa bulugamu wauwisi unadzaza mudzi wonse, wonunkha ngati mankhwala a chifuwa. Bwana anaima pafupi ndi moto tsiku lonse osadya, akuyang'ana ntchito yake ya zaka ziwiri. Masana anandiitana. Anati walembera mwini esiteti zoona zake, ndipo sakudziwa ngati akhalapo mpaka chilimwe. Anati chipinda chija chatsekedwa, ntchito yanga yatha. Kenako anandipatsa envulopu yopita kwa mnzake wina woyeza matenda a mbewu ku Zomba.

"Ndalembamo kuti uli ndi manja aukhondo ndi maso abwino," anatero. "Sindinalembemo kuti umaba ufa." Anayamba kuchoka, n'kubwereranso. "Ku Zomba uzikalemba manambala."

Ndinathamangira kunyumba ndikuganiza kuti anthu andilandira ndi nthungululu. Ndinali mwana ndithu. M'mudzi nkhani inali itamveka kale mwanjira ina: akuti akuluakulu a kumanda amulotetsa mzungu maloto oopsa mpaka watentha munda wake. Za timbale panalibe wodziwa, ndipo amayi a pachitsime anasendezabe mitsuko yawo. Ndinafotokozera amalume zonse, kuyambira mifunda mpaka mabokosi. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kupukusa mutu.

"Nabanda," anatero. Kanali koyamba amalume kunditchula ndi mfunda ngati munthu wamkulu. "Zagalasizo sindikuzimva, koma ndikukhulupirira. Wachita chachikulu. Koma mitengo isanu ndi umodzi ija ili ndi mabala a mpeni wako, ndipo unalowa osagogoda. Chimenecho mzungu sangakukonzere, ngakhale ine. Ukapita ku Zomba chili chomwecho, tsiku lina udzafuna kubwera kudzagona pafupi ndi mayi ako, ndipo wokumba adzasowa."

Ndinawafunsa kuti nanga bambo mfumu akamva kuti ndapita ndi nkhuku yopepesera kwa adzukulu adzati chiyani. Amalume anati bambo mfumu amadya nkhuku nawonso.

Ndinakhala pakhonde, envulopu ili pamiyendo, utsi ukadali m'maso, ndipo ndinkaopa a Sikelo kuposa mmene ndinaopera bwana. Mzungu ndinali ndi timbale tomuonetsa. Kwa a Sikelo ndinalibe chowaonetsa koma kulakwa kwanga. Mawu omaliza a tsikulo m'kabuku kanga ndi awa: "Mawa ndi Lamulungu la Kanjedza. Tikaweruka Misa ndigwira thadzi langa lamawanga, ndipita kwa a Sikelo, ndigwada pabwalo pawo anthu akuona. Anene zonse zimene akufuna, sindiyankha. Akatha ndiwapempha anditsogolere kwa amayi, kuti ndikawauze ndekha kuti ndikupita ku Zomba."